Woyera Koposa Amwe

Mukadzakumana ndi munthu wodzitama kuti kwawo kulibe mbava, mudzamufunse ngati sachokera ku Mbee. Ufumu wa Mbee uli kuseri kwa mapiri amene inu simunakwerepo, ndipo ndi dziko lokhalo pansi pano limene linathetsa katangale popanda kumanga munthu ngakhale mmodzi. Anthu ake anangogwiritsa ntchito sopo.

Nzeruzi zinali za Mfumu Ndayera Wachitatu. Mfumuyi inkakhulupirira ndi mtima wonse kuti khalidwe la munthu limaonekera pa chovala chake. Munthu wa kolala yoyera sangabe, inkatero, chifukwa akanakhala wakuba litsiro likanatulukira penapake. Choncho Lolemba lililonse nduna zinkandanda pabwalo la nyumba yachifumu, pamwamba pa phiri la Ng'animani, zitavala mikanjo yoyera. Ndiye pankabwera nkhalamba ina, a Penyetsetsani, amene udindo wawo unali Woyeza Kuyera wa dziko lonse. Ankayenda pamzerepo ndi mbale yoyera yachitsulo, n'kumaiyandikiza pa mkanjo uliwonse atatsinzina diso limodzi. Wopambana kuyera ankakhala pafupi ndi mfumu sabata imeneyo, wothimbirira ankakhala kuchitseko kolowera mphepo. Zoti nkhokwe za boma zinali pululu panalibe wofunsa, popeza wosunga nkhokwezo anali ndi kolala yothobwa m'maso.

Zochitika paphiri, kuchigwa amatengera. Dziko lonse linalowa m'beseni. Ana asukulu, apolisi, alaliki, ngakhale ogulitsa makala, onse ankachapa m'mawa ndi masana omwe, ndipo ankachapira sopo wamtundu umodzi, waufa, wonunkhira maluwa, wotchedwa Ng'anima. Woitanitsa sopoyu kuchokera kunja anali a Nyambitani, mlongo wake wa mfumukazi, ndipo chilolezo chotero chinali chawo okha. Madzi onse ochapira ankatsika m'ngalande za mumzinda, thovu lili pamwamba, n'kukathira mumtsinje wa Tsukuluzi. Mikanjo inayera, mtsinje unabiriwira.

Nkhani ya mtsinjeyi sikanasowetsa tulo munthu aliyense wa pa Ng'animani, chifukwa paphiripo panali mjigo wawowawo wa madzi ozizira bwino. Komabe panali nduna imodzi imene inayamba kuonda anzake akunenepa. Iyi inali Nduna ya Chikho, a Yotamu Sakhwi.

Makolo a ku Mbee anasiya mwambo wotchedwa Kulawa Mtsinje. Chaka chilichonse, m'mwezi wotentha uja mvula isanagwe, mfumu ndi anthu onse ankasonkhana padooko lachifumu. Nduna ya Chikho inkapinda manja a mkanjo, n'kutunga madzi aliyense akuona, n'kumwa mpaka dontho lomaliza, n'kuvundikira chikho, n'kunena kuti, "Mtsinje uli moyo." Akale ankati cholinga chake chinali choti mfumu izidziwa zimene anthu ake amamwa. M'boma monse munalibe ntchito yokoma ngati imeneyi: kugwira tsiku limodzi pa chaka, masiku enawo kungokhala m'nyumba ya boma n'kumatokosa m'mano. A Sakhwi anaipeza kudzera mwa atsibweni awo, ndipo kwa zaka zambiri ankathokoza Mulungu ndi atsibweniwo mofanana.

Koma chikho cha chaka chathacho chinawagoneka pamphasa masiku angapo, ndipo tsopano mwezi wotentha unali pafupi kufikanso. Kutula pansi udindo sikunali kotheka, chifukwa mwambo umati Nduna ya Chikho imasiya chikho pokhapokha itasiya kupuma. Tsiku lina anavala chipewa chobisa nkhope n'kutsika phiri mwakachetechete kukaona chimene adzamwe.

Atafika padooko anayamba kuufunafuna mtsinjewo. Pamene kale pankayenda madzi panali ngati bwalo la mpira nthawi yadzinja. Ndere zinali zitaphimba ponseponse, namasupuni atamera ndi maluwa omwe, ndipo nkhuku ina inkayenda pamwamba pake ikudzitolera zakudya, osamira. M'mphepete munali matemba atagona chagada. Fungo lake linkalowera m'mphuno n'kukakhazikika m'mimba.

Pafupi ndi dookolo pali msika wa Titani. Mayi Folomina, amene kale ankagulitsa matemba koma tsopano ankagulitsa chilichonse chimene chapezeka, anawazindikira ndi chipewa chawocho.

"Mwabwera kudzasuzumira mumphika, bwana?" anafunsa.

"Mayi, ndiuzeni zoona. Madzi awa munthu angamwe n'kukhala ndi moyo?"

"Mbuzi ya a Jekete ogulitsa makala inamwa Lachiwiri. Tinadya Lachitatu."

A Sakhwi anagwira pamimba.

"Musadandaule kwambiri," anatero mayi Folomina, uku akuingitsa ntchentche pa tomato. "Inu mukulirira chikho chimodzi pa chaka. Ife timamwa ndowa yathunthu tsiku ndi tsiku. Timasefa ndi mpango, timawiritsa nkhuni zikapezeka, kwinako timasiyira Mulungu. Mukazolowera amangotsika ngati therere."

A Sakhwi anamva chisoni, tisawanamizire. Koma gawo lalikulu la chisonicho linali lodzimvera iwo eni.

Kuyambira tsikulo anasanduka bwenzi la mtsinje. Anafufuza mpaka anapeza kuti boma lili ndi katswiri wa za madzi, mayi Ndaziona, amene anaiwalika m'kachipinda kopanda zenera kuseri kwa ofesi ya zamasewera. Mayiyu anawayalira mapu, n'kuwafotokozera zonse kuyambira kumene mtsinje umachokera mpaka kumene umathira. A Sakhwi, amene kusukulu ankagona m'kalasi, anamvetsera ngati akuwauza za cholowa. Kenaka anawatengera mayiwo ku bwalo la nduna kuti akanene okha pamaso pa mfumu.

"Mwini dziko," anayamba mayi Ndaziona atagwada, "mu sopo wa Ng'anima muli mankhwala otchedwa fosifeti, amene amathandiza kuti zovala ziyere msanga. Koma fosifeti ndi chakudya cha zomera, yemwe uja amapezeka mu feteleza. Akafika mumtsinje, ndere zimadya n'kuswana mopanda malire. Zikafa zimaola, ndipo poola zimatha mpweya wa m'madzi, nsomba n'kubanika. Ndere zina zilinso ndi poizoni. Chofunika n'chimodzi: tileke sopo wa fosifeti. Wopanda fosifeti alipo, ngakhale wamtanda uja amachapa ndithu."

Nduna ya Zaulimi inadzambatuka maso akuwala. "Ndamva bwino kodi? Mwati mumtsinje muli feteleza waulere, ndipo zomera zikukula popanda wolima? Mwini dziko, awa si mavuto, ichi ndi chitukuko. Unduna wanga wakhala ukusakasaka mbewu yochita bwino chonchi."

Nduna ya Zachitetezo inati ndere zoswana motero ziyenera kuti zatumidwa ndi adani a ufumu, ndipo inalonjeza kutumiza apolisi kuti akazibalalitse. Nduna ya Zofalitsa Nkhani inati vuto lagona pa kachitidwe ka anthu koyang'anayang'ana mtsinje, ndipo ndi bwino kumanga mpanda wa udzu m'mbali mwake kuti aleke.

Pomaliza analankhula a Nyambitani. Iwo sanali nduna, koma ankakhala nawo pabwalo, poti mlamu wa mfumu sapempha mpando.

"Alamu, ine ndilibe mawu ambiri," anatero mofatsa. "Ndingofunsa funso limodzi. Tikaleka Ng'anima, makolala onse athimbirira. Makolala akathimbirira, mudzadziwa bwanji kuti nduna zanu si mbava?"

Nduna iliyonse inapeza kanthu kochititsa chidwi pa zala zake. Limeneli linali funso limene panalibe wofuna kuti liyankhidwe mwa njira ina. Mfumu inalamula kuti pakhale komiti yoona za mtsinje, wapampando wake a Nyambitani, ndipo mayi Ndaziona anathokozedwa kwambiri n'kubwezedwa ku kachipinda kawo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Apolisi anapitadi. Anaima padooko ndi zibonga n'kulamula ndere kuti zichoke mwamtendere, ndipo zitakana anazikwapula mpaka mayunifolomu awo anabiriwira, zimene zinafuna Ng'anima wochuluka kuti ayerenso. Mpanda wa udzu unamangidwa, mbuzi zotsala zinaudya.

A Sakhwi ankafika kunyumba nkhope ili khuma. Akazi awo, Nangondo, anali mayi wa manja olimba ndi pakamwa posasunga mawu. Kwawo kunali kumunsi kwa mtsinje, kumene mayi awo ndi abale awo ankatunga madzi omwewo.

"Andipha, Nangondo," anatero a Sakhwi akukankha mbale ya chakudya.

"Akuphani ndani, bambo a Delifa? Amayi anga kumudzi amamwa madzi amenewo tsiku lililonse, ndipo simunafunsepo ngati adzuka."

"Amayi anazolowera."

"Nanunso zolowerani."

Nzeru inawafikira Lolemba lina ali pamzere, akuona mmene nduna zinzawo zinkapondanirana zala polimbirana kuyera. Kuyeza kutatha anatuluka pamzerepo n'kudzigwetsa pamaso pa mfumu.

"Wawa, mwini dziko, kuwala kwa Ng'animani. Pali chinthu chikundilemera mumtima. Zaka zonsezi ndakhala ndikudya ndekha ulemu waukulu, womwa mtsinje pamaso panu. Koma ine ndine yani? Pamzere pano ndimakhala pakati, mpando wanu ndimauonera patali. Kodi n'chilungamo kuti chikho cha makolo chizikhudza milomo ya munthu wa kolala yapakatikati, pamene pali anzanga owala ngati mphezi? Ndikupempha kuti ulemu umenewu uzipita kwa woyera koposa pa tsikulo. Ine ndizingotunga."

Mfumu inatsala pang'ono kugwetsa msozi. Kudzichepetsa kotere inali isanakuonepo, ndipo chilichonse chokweza kuyera chinkaikomera. Inaimirira n'kukweza dzanja.

"Kuyambira lero mpaka kalekale, woyera koposa padooko ndiye amwe."

Ku Mbee malovu a mfumu sabwerera m'kamwa. Chimene yanena, ngakhale iyo yomwe singachibweze. Nduna zinaomba m'manja monga mwa lamulo, koma kuombako kunali kofooka, ndipo wosunga nkhokwe uja wa kolala yothobwa m'maso anapempha kuti atuluke pang'ono akapume mphepo.

Masabata otsatirawo anali odabwitsa m'mbiri yonse ya Mbee. Nduna sizikanangoleka kuchapa poyerayera, chifukwa kutero kukanakhala kuvomera umbava. Zinkafunika litsiro lokhala ndi chifukwa, litsiro laulemu wake. Ndiye zinakumbukira kuti m'dzikomo muli anthu. Nduna ya Zaulimi inapezeka m'munda koyamba chibadwire, itagwira khasu mozondoka. Ya Zamisewu inatsika m'galimoto n'kukankha nawo lole yotitimira m'matope, ndipo loleyo itatuluka ndunayo inapempha kuti aibwezeremo. Ya Zaumoyo inkanyamula ana amamina m'zipatala n'kumawanyengerera kuti apukutire paphewa pake. Wailesi inatcha nyengoyi Mwezi Woyandikira Anthu.

"Dzulo nduna inandikumbatira, ine ndi tomato wanga yemwe," mayi Folomina anauza anzawo pamsika wa Titani. "Itachoka apo inakadzikhula pa thumba la makala la a Jekete, kenaka n'kufunsa ngati tili ndi vuto lina lililonse lothimbiritsa."

"Munaiuza za madzi?" anafunsa wogulitsa zitumbuwa.

"Ndinaiuza. Inati za madzi ayi, madzi amatsuka."

A Sakhwi nawo sanagone. Mkanjo wa udindo wawo unali umodzi wokha, wokhala ndi chithunzi cha chikho pachifuwa. Anaupaka katondo, madzi a mango ndi girisi wa njinga, n'kuubisa kuseri kwa matumba a chimanga kuti udikire tsiku lake. Mtima unakhala pansi, anayambanso kudya bwino, ndipo za fosifeti ankazitchula mwa apo ndi apo.

Koma pakadafunda padajiwitsa galu. M'mawa wa tsiku la mwambo anadzuka akuimba mluzu n'kupita kuseri kwa matumba aja. Mkanjo kunalibe. Anaupeza utakolekedwa pachitseko cha kuchipinda, wositidwa bwino, uli mbee kuposa tsiku limene unagulidwa.

Nangondo sankachapira Ng'anima, ankati amawasenda manja. Anali ndi njira ya kwawo: kunyika, kufikisa ndi sopo wamtanda, kuyala paudzu padzuwa chovala chikadali ndi thovu, kuwaza madzi chikauma, kuyalanso, kenaka kutsukuluza mpaka madzi atayera. Atautulukira mkanjo uja kuseri kwa matumba, anachita zimenezi kuseri kwa nyumba ya mnzawo, mwamuna wawo ali kalikiliki kudya.

"Nangondo, mwandichita chiyani? Simunamve lamulo pa wailesi?"

"Ndinamva."

"Ndiye mukufuna mukhale wamasiye?"

"Kumwa mumamwa chaka ndi chaka, bambo a Delifa, ndipo simunafe. Koma kuti mwamuna wanga akaime pamaso pa dziko lonse ngati munthu wopanda mkazi, amayi a kumpingo akundiloza ndi milomo, amenewo ndiye maliro anga. Valani."

A Sakhwi anavala, ali ndi chiyembekezo choti panjira sipalephera matope oti munthu n'kugweramo mwangozi. Nangondo anali ataganizira kale zimenezo. Anawakulunga m'nsalu ya pabedi kuyambira m'khosi mpaka kumapazi, n'kukhala pambali pawo m'galimoto atawagwira mkono, ndipo anakawavundukula padooko penipeni ngati mkwatibwi.

Anthu anali atadzaza, aliyense kansalu kali pamphuno. Mfumu inakhala pa mpando wake pansi pa mthunzi, a Nyambitani ali pambali. Nduna zinandanda ngati anthu ochokera koumba njerwa, ndipo pakati pawo panaima a Sakhwi, akuwala moti ana ankaphimba maso ndi manja. A Penyetsetsani anangoyenda pamzerepo pokwaniritsa mwambo, chifukwa ngakhale wakhungu akanaloza.

Kutunga kunali kwa a Sakhwi ndithu. Anapinda manja a mkanjo, n'kukankhira ndere pambali ndi chikho, n'kutunga. Madziwo anali olemera, obiriwira, ndipo munali tinthu tina timene tinkasambira mosangalala. Anaganiza za mbuzi ya a Jekete. Anayang'ana kwa akazi awo kuti mwina aone kulapa pankhope pawo, koma Nangondo anali akukonza duku, chifuwa chili patsogolo, akulandira maso a amayi a kumpingo.

A Penyetsetsani anatsokomola kuti alengeze. Asanatsegule pakamwa, mayi Folomina ananong'oneza mnzawo wa zitumbuwa uja.

"Koma abale, mkanjo uwu. Chibadwire sindinaone kuyera kotere. Ngakhale kumpando uko sikukufika."

Ananena motsitsa, koma mawu otere ali ndi miyendo. Anadumpha kuchoka pakamwa pena kupita pena mpaka anakafika pansi pa mthunzi. Ndipo zinali zoona. Mkanjo wa mfumu ankauchapa ndi Ng'anima wodzaza manja, osautsukuluza mokwanira, n'kuuyanika m'nyumba poopa mbalame. Pawokha unkaoneka woyera, koma pafupi ndi wa a Sakhwi unali ngati mgaiwa pambali pa ufa woyera.

Mfumu inadzuka, n'kuyenda pang'onopang'ono, n'kukaima phewa ndi phewa ndi Nduna ya Chikho.

"Penyetsetsani, bwera kuno ndi mbale yakoyo. Pakati pa ine ndi uyu, woyera koposa ndani?"

Nkhalamba ija inayandikiza mbale uku, inayandikiza uko. Inatsinzina diso lamanzere, inatsinzina lamanja, kenaka inatsinzina onse awiri. Kunena kuti pali munthu woposa mfumu kuyera kunali kudzikumbira manda, ndipo kunena zinazo kunali ndi zotsatira zake zimene aliyense padookopo ankaziona kupatula mfumu. Pamapeto pake lilime linayenda njira imene linazolowera.

"Ndinu, mwini dziko. Angakuposeni ndani?"

Mfumu inamwetulira n'kuyang'ana khamu lonse monyadira. Inadikira nthungululu, koma sizinabwere. M'malo mwake munamveka mawu a mayi Folomina, aulemu ndithu.

"Tathokoza, mwini dziko. Chikho chapeza mwini wake."

A Sakhwi anagwada n'kupereka chikhocho ndi manja awiri, monga amachitira mwana woleredwa bwino.

Mfumu inayang'ana m'chikho, kumwetulira kuja n'kuuma. Inayang'ana kwa a Nyambitani, koma iwo anali atawerama akumanga chingwe cha nsapato. Inayang'ana kwa nduna zake, zonse zinali kufufuza ngati kumwamba kuli mitambo ya mvula. Njira yothawira inalipo. Ikanangonena kuti nkhalambayo maso akutha, woyera ndi Sakhwi, ikanapita kwawo ndi m'mimba mwamtendere. Koma ku Mbee munthu amalolera kutsegula m'mimba kusiyana ndi kuthimbirira. Tisaichotsere ulemu mfumuyi: inamwa mpaka dontho lomaliza, n'kuvundikira chikho.

"Mtsinje uli moyo," inatero ndi mawu otsika. Inagwira pamimba n'kumvetsera. "Uli moyodi. Ndikuumva ukuyenda."

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo chitseko chimene mfumu inatsekula kwambiri sabata imeneyo tonse tikuchidziwa. Bwalo la nduna linkakumana panja pa chitsekocho, mlembi atakhala pa kampando. Malamulo ankatuluka m'katimo aafupiafupi, mopumira. Sopo wa fosifeti aletsedwe lero lomwe. Madzi ochapira azithiridwa m'maenje, asapitenso kumtsinje. Namasupuni azulidwe, ndipo nduna zitsogolere poti matope zawazolowera. Mayi uja wa m'kachipinda apatsidwe ofesi ya mazenera. Komiti ya alamu ithe. Zimene zinakanika kwa zaka zinatheka mfumu isanayambe n'komwe kumwa phala.

Itachira inaitanitsa akuluakulu a mwambo n'kuwafunsa mozungulira ngati chikho sichingabwerere kumene chinachokera. Iwo anaikumbutsa mwaulemu za malovu aja, n'kuwonjezera kuti ikhoza kuleka kumwa chaka chilichonse chimene ingavomere pamaso pa anthu kuti wina waiposa kuyera. Mfumu inasankha kumwa, ndipo kuyambira pamenepo panalibe munthu wodana ndi fosifeti kuposa iyo.

Mtsinje sunayere tsiku limodzi, chifukwa fosifeti wambiri anali atakhazikika m'matope a pansi. Komabe chaka ndi chaka ndere zinkachepa. Nkhuku zinaleka kuwoloka wapansi, matemba anabwerera, ndipo mayi Folomina anabwerera ku malonda awo akale. Chikho cha chaka chotsatira chinangolira m'mimba mwa mfumu osachita zambiri, cha chaka chinacho inachita kunyambita milomo. Poona kuti ntchito yatha, a Nyambitani anapempha kuti mayi Ndaziona alemekezedwe, ndipo anakwezedwa n'kutumizidwa kukakhala kazembe ku dziko lina lakutali lopanda mtsinje.

Tsiku lina a Sakhwi anafunsa akazi awo, "Kodi Nangondo, munkadziwa kuti zidzatha chonchi?"

"Ine ndinangochapa," anayankha.

Moyo wa a Sakhwi unakoma kuposa kale. Ntchito yawo inatsala yotunga ndi kupereka basi, ndipo chifukwa cha manja a Nangondo ankasendera kufupi ndi mfumu Lolemba ndi Lolemba, akusamala kuti asawale mopitirira. Ananenepa mpaka mkanjo anauwonjezera nsalu m'mbali. Njira ya kudooko inamera udzu, ndipo mawu aja akuti fosifeti anayamba kuwavuta kutchula.

Ndiye m'mwezi wina wotentha kunaitanidwa bwalo lapadera, loulutsidwa pa wailesi, lopereka mendulo kwa munthu amene watukula malonda a dziko. Munthuyo anali a Nyambitani.

"Alamu," anatero mendulo ili pachifuwa, "mulu wonse wa Ng'anima umene munaletsa uja sindinataye ngakhale paketi imodzi. Ndakhala ndikuugulitsa kunja, kwa anansi athu a ku Magwero. Aukonda moti akuchapa ngati amisala, ndipo aitanitsa wina wochuluka."

Mfumu inagwedeza mutu mokondwa. Iyo inkayesa kuti mtsinje umayambira padooko lachifumu. Nduna zinazo sizinkadziwa kumene umayambira, ndipo sizinkafuna kudziwa. Pabwalo lonselo munthu mmodzi yekha ndiye anaonapo mapu a mayi Ndaziona, masiku aja a mantha, ndipo ankadziwa kuti Tsukuluzi amatumphuka m'mapiri a ku Magwero, ndi kuti madzi sakwera phiri.

Pakamwa pa a Sakhwi panatseguka. Kenaka anakumbukira kuti chikho si chawonso, kuti a Nyambitani ndi mlamu wa mfumu, ndi kuti sabata imeneyo anali atakhala pa mpando woyandikana ndi wachifumu koyamba m'moyo wawo. Pakamwa paja panatsekeka. Anaomba m'manja, ndipo amene analipo amati kuomba kwawo kunamveka kuposa kwa wina aliyense.

Anafika kunyumba dzuwa lili paliwombo, thukuta lili kamukamu, n'kudziponya pampando.

"Nangondo, madzi akumwa."

Nangondo anabwera ndi kapu pambale, n'kugwada monga mwa nthawi zonse. A Sakhwi anainyamula, koma isanafike pamlomo anaima. Pamwamba pa madziwo pankayandama kaulusi kobiriwira, ndipo m'mphuno mwawo munalowa kafungo ka maluwa kamene ankakadziwa bwino.

"Awa ndi a kuti?"

"Mjigo wa paphiri pano wathyoka, ndipo akuti woukonza wake ali ndi kolala yoyera kwambiri, sangagwire girisi. Awa ndatunga kumtsinje, womwe uja amatungamo amayi anga." Anakhala pansi n'kukonza chitenje. "Ndimamvera wailesi. Kuomba m'manja kwanu ndinakuzindikira. Imwani, bambo a Delifa, mwatuluka thukuta."

A Sakhwi anayang'ana uku ndi uku kufunafuna woyera koposa woti amupatsire, koma m'nyumbamo wovala zoyera anali iwo okha, mkanjo wawo uli mbee.